Mafoni Asanu ndi Anayi M'thumba la Feteleza

Munali mu 2023, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ku Lusaka ndinali nditafikako kamodzi kokha, ndili mnyamata, ndipo sindinkafuna kubwererako. Ndinapita chifukwa mlongo wanga Nasitaziya anamwalira.

Anamwalira mbandakucha wa Loweruka, m'nyumba yake ku Nabvutika, mu Chipata. Ine ndinali nditachoka kumudzi kwathu, kufupi ndi Mtenguleni, kudzamuona chifukwa ankadandaula mutu. Palibe anaganiza kuti ndi matenda a imfa. Anapempha madzi, anamwa, anagona. Basi.

Mwana wake ndi mmodzi yekha, Zelipa. Amakhala ku Lusaka ndipo ntchito yake ndi kuimba. Si nyimbo za m'tchalitchi, si za chimtali. Ndi zija amati jazi, zina amati solu, zina dzina lake ndi zilembo ziwiri zokha, R ndi B. Madzulo a tsiku lomwelo anali ndi konsati yaikulu pa hotela ina, pamodzi ndi oimba anzake.

Zelipa anali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri, ndipo magazi ake amathamanga. Mimba yoyamba inatayika ndi foni. Bambo ake atamwalira, msuweni wake Geresomu anaika chithunzi chawo ndi kandulo pa Fesibuku mtembo usanazizire. Zelipa anachiona ali m'minibasi. Anakomoka, anapita padera. Madokotala anati akadzadzidzimukanso chotero, tidzataya onse awiri.

Kwathu uthenga wa maliro amapita nawo ndi munthu wamkulu. Amafika, amakukhazika pansi, amakugwira, ndiye amanena. Ine ndine mwini mbumba. Ntchitoyo inali yanga.

Akazi atayamba kulira, ndinaona Geresomu yemweyo ali pakhomo, chala chili pa galasi la foni.

"Geresomu, bweretsa kuno."

"Amalume, ndikungodziwitsa akwaya."

"Bweretsa."

Ndinatola thumba la feteleza kuseri kwa chitseko. Ndinayenda m'nyumba monse. Aliyense amene anali ndi nambala ya Zelipa anaponyamo foni yake. Akatekisiti a pamenepo, a Zulu, anayamba kukana.

"A Mbewe, nanga abale a ku Katete tiwauza bwanji?"

"Njinga ilipo."

"Kapena imbirani mwamuna wa Zelipa, amuuze yekha bwinobwino."

"Mkamwini ameneyo nkhope yake siibisa kanthu. Ndiponso si iye mwini mbumba. Ponyani."

Anaponya. Pomaliza ndinatenga ya malemuyo pansi pa pilo. Onse pamodzi anakwana asanu ndi anayi. Ine foni ndilibe, sindiifuna, ndipo kuzimitsa kwake sindidziwa. Geresomu anati azimitse onse. Ndinakana. Foni yozima imaopsa. Yongolira osayankhidwa, mwana amaganiza kuti mayi ali kudimba kapena kutchalitchi.

Mtembo anaunyamula a Saidi, mwini golosale ya pafupi, pa kagalimoto kawo kupita nawo ku mochale. Ndi Asilamu, makolo awo anachokera ku Malawi, koma ndi mlongo wanga ankakhala ngati abale. Foni yawo sindinatenge. Si a mbumba yanga. Anandisiya pasiteshoni ya mabasi dzuwa litatuluka.

Mabasi a m'mamawa anali atapita. Ndinapeza imodzi yotsalira, kondakitala akulumbira kuti ikunyamuka pompano. Injini inkalira, koma sitinasunthe mpaka mipando yonse itadzaza. Chikwama changa, mmene munali jekete ndi nsapato za kutchalitchi, anachiika pansi pa basi. Thumba la mafoni ndinaliika pakati pa miyendo. Mlaliki wina anakwera n'kupempherera ulendo, akutchula ngozi zonse za mumsewu umenewu imodziimodzi. Atatsika, mtima wanga unali utaipiratu.

Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa, wopita kukagula mabelo a salaula, zovala za kaunjika zija. Anandipatsa chinangwa. Ndinakana.

Tinadutsa Mtenguleni. Ndinaona njira yakwathu. Tisanafike ku Katete, thumba linayamba. Foni imodzi inalira ngati tambala, ina ngati belu la sukulu, ina nyimbo ya kwaya. Anthu anacheuka. Ndinayang'ana pawindo.

Kenako inalira ya malemu. Kulira kwake kunali mawu a Zelipa mwiniwake, nyimbo yake ina yokoka pang'onopang'ono. Nasitaziya ankanyadira nayo pamsika ponse. Ndinasuzumira m'thumba. Nkhope ya mwanayo inali pa galasi, akuseka. Nthawi zonse asanaimbe amaimbira mayi ake kuti apemphere limodzi.

"Iii, ameneyo ndi Zelipa uja!" anatero mayi wa salaula. "Ndimamukonda ine. Lero akuimba ku Lusaka. Yankhani, madala."

"Si yanga."

"Nanga ndi ya ndani?"

Pamenepo ndinaona msampha umene ndinalowamo. M'basi monse aliyense anali ndi foni m'manja, ndipo ambiri ankamudziwa Zelipa. Ndikanati ndinene kuti amayi ake amwalira, uthenga ukanafika ku Lusaka ife tisanafike ku Sinda.

Ku Petauke tinaima nthawi yaitali. Tayala la kumbuyo linali litaphwa, ndipo jeke anachita kukabwereka. Anthu anatsika kukagula nkhuku yokazinga ndi mazira. Ine ndinakhala pampando wanga, thumba likulira. Zelipa anaimba, anaimbanso. Ataona kuti mayi ake sakuyankha, anayamba kuyesa ena. Ndinkaona dzina lake likuyaka pa foni iyi, kenako pa iyo, kenako pa ya akatekisiti. Mwana ankagogoda nyumba zonse za abale ake, ndipo nyumba zonsezo zinali pakati pa miyendo yanga.

Titanyamuka, manong'onong'o anakula. Mwamuna wina wa jekete lachikopa anaimirira.

"Ine yanga anandibera pasiteshoni ya Chipata sabata yatha. Madala, tsegulani thumba."

"Khala pansi, mwana iwe."

"Mwamva? Akuba a masiku ano ndi a imvi!"

Tili pafupi ndi Nyimba, mnyamata wina kutsogolo anakuwa kuti foni yake sakuiona. Sanadikirenso. Wa jekete lachikopa anakoka thumba, ine ndinakoka. Linang'ambika pakamwa, mafoni atatu anagwera pansi, imodzi ikulira. Basi yonse inakuwa. Wina anandimenya chibakera pakamwa. Chipewa chinagwa. Ndinamva dzino likusuntha.

"Nenani mwawatenga kuti!"

"Ndi a abale anga."

"Abale anu onsewo akupatsani mafoni? Mukupita nawo kuti?"

Ndinakumbatira thumba pachifuwa.

"Adiraiva, imani! Timutsitse pompano. Tayala lakuphwa lija lilipo, petulo tipeza."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Ndinaonapo munthu atatenthedwa pamsika, zaka zapitazo. Ndinadziuza kuti ndikanena, ndipulumuka ine, afa mwana. Ndinatseka pakamwa, magazi ndikumeza.

Mayi wa salaula ndiye anandiphimba ndi thupi lake. "Musaphe munthu m'basi muli ana! Rodibuloko ili patsogolopa. Mukampereke kwa apolisi."

Diraiva sanaime mpaka pa rodibuloko. Foni ya mnyamata uja inapezeka pansi pa mpando wake, koma zimenezo palibe anazilabadira.

Wamkulu pamenepo anali sajeni wamkazi, msinkhu wa Zelipa. Anayala mafoni pa thebulo pansi pa mtengo. Anthu a m'basi anazungulira, ena akundijambula.

"Amayi," ndinatero, "ndilankhula ndi inu nokha. Awa achoke."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawathamangitsa. Ndinamuuza zonse motsitsa mawu. Diraiva wa basi analiza hutala kawiri, n'kunyamuka. Chikwama changa ndi chipewa zinapita.

"Madala, aliyense wobwera pano ali ndi nkhani yake," anatero sajeni. "Titsimikize. Foni ya malemuyo ndi iti? Onani, munthu mmodzi waimba kambirimbiri. Timuimbire ameneyu."

Chala chake chinali pa nkhope ya Zelipa.

Ine sindinagwadirepo munthu wovala yunifolomu, ngakhale nthawi ya atsamunda ndili mwana. Tsiku limenelo ndinagwada m'fumbi.

"Ameneyo ayi. Nditsekereni, ndimenyeni, koma ameneyo ayi."

"Dzukani, atate. Dzukani, anthu akuona." Anafufuza maina m'foni muja. "Pali akatekisiti apa. Amenewa sanganame."

Anaimba. Foni ya a Zulu inayamba kulira pathebulo pomwepo, nyimbo ya kwaya. Wapolisi wina anaseka mpaka kugwira mtengo. Sajeni anayesa Geresomu. Tambala analira pathebulo.

"Atate, mwasiyako munthu ndi mmodzi yemwe ku Chipata wokhala ndi foni?"

"A Saidi."

A Saidi anayankha msanga. Ndinamva mawu awo akutuluka m'kafoniko. "Eee, a Mbewe ndikuwadziwa. Mtembo ndanyamula ndine. Mafoni anatolera ine ndikuona. Mutu wawo ndi wouma ngati mwala, koma wakuba ayi. Asiyeni apite, bwana, nthawi ikutha."

Sajeni anati mafoni asanu ndi atatu atsala, eni ake adzawatenge okha ndi ziphaso zawo. Ya malemu anandipatsa. Anandipatsanso madzi otsukira m'kamwa. Ndikulavula, dzino linatuluka. Kenako anaimitsa lole yopanda katundu yopita ku Lusaka, n'kuuza diraiva kuti anditenge.

Diraivayo dzina lake anali Mabvuto. Anandiyang'ana malaya a magazi, sanafunse. Titadutsa Kacholola tinalowa m'mapiri a Manenekera. Msewu umenewo umakhota ngati njoka yomenyedwa, mbali imodzi phiri, mbali ina phompho. Lole yopanda katundu imadumpha. Pansi m'maphompho ndinkaona mafupa a magalimoto, ena a dzimbiri, ena utoto ukadali watsopano. Pa kona ina tinakumana ndi thanki ya mafuta itadya mbali yathu. Mabvuto anakhotetsa, matayala anaponda miyala ya m'mphepete, ndipo pawindo langa sindinaone nthaka, koma nsonga za mitengo pansi. Ndinali nditagwira kolona. Ndinakoka mpaka chingwe chinaduka, mikanda inabalalika m'lole monse.

"Musaope, madala, msewu uno ndi wanga."

"Amene ali pansiwo ankatero."

Fungo la mabuleki linadzaza m'kati. Ndinkaganiza chinthu chimodzi. Ndikafera pano, apolisi adzapeza foni m'thumba mwanga, adzaimbira nambala yomaliza, ndipo Zelipa adzamva maliro awiri nthawi imodzi kwa munthu wachilendo.

Tinawoloka mlatho wa Luangwa. Amayi ogulitsa nsomba zouma anathamangira lole, ife sitinaime. Foni inaliranso. Mabvuto anamvetsera nyimboyo, anayang'ana nkhope pa galasi, anayang'ana ine.

"Ndi mwana wanu?"

"Wa mlongo wanga. Ndikufuna pamene akuimbira lero. Dzina la hotela sindikulidziwa."

"Kunyumba kuli maliro?"

Ndinabweza foni m'thumba la malaya.

"Ndamva, madala."

Ku Rufunsa anaima pambali, anatulutsa foni yake, anapeza chithunzi cholengeza konsati ija ndi dzina la malo. Pansi pake anthu anali atalemba zambiri.

"Ndiwerengere zonse," ndinatero. "Usadumphe."

Anawerenga chimodzichimodzi. Uyu akuti tikubwera. Uyu akufunsa za matikiti. Uyu waika timitima. Mzere uliwonse ndinkadikira mawu akuti pepani. Sanapezeke. Atamaliza, Mabvuto anandipatsa foni yake.

"Isungeni mpaka tifike, kuti mtima wanu ukhale pansi."

Mnyamata ameneyo analeredwa bwino.

Za Chongwe ndi kulowa mu Lusaka sindikumbukira zambiri, koma magalimoto oima mzere ndi dzuwa likutsika. Lole silowa kumene kuli hotelayo. Mabvuto anandikweza takisi ya mnzake, ndinamubwezera foni yake, tinasiyana.

Pageti panali mlonda wamtali wa suti yakuda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu wopanda chipewa mpaka ku nsapato za matayala.

"Ba mudala, kuno si kuchipatala. Tikiti ili kuti?"

"Ndine malume wake wa Zelipa."

"Lero aliyense ni malume wake."

Ndinatulutsa foni ya malemu, ndinamuonetsa. Anadina yekha, anaona maina ndi zithunzi, Zelipa atakumbatira mayi ake. Anayang'ana chithunzi chachikulu cha Zelipa chimene chinali pageti. Nkhope yake inasintha.

"Nimuitane?"

"Ayi. Amalize kuimba. Ndikaima kumbuyo."

Konsati inali panja, pa kapinga. Anthu ovala bwino anakhala m'mipando ndi pamabulangete, magalasi a zakumwa m'manja. Kutsogolo kunali nsanja ya magetsi ofiira ndi abuluu. Mnyamata wina ankaimba Chingerezi maso atatseka, liwu limodzi akulikoka, kulikweza, kulitsitsa, ngati munthu wolira amene sakufuna kuti amveke. Wina ankaliza lipenga lokhota lagolide. Wang'oma sankamenya, ankangosesa ndi timaburashi. Panalinso gitala lalikulu loimirira, lotalika ngati munthu. Pa piyano panali mkamwini wanga. Ndinabisala kuseri kwa mtengo.

Kenako anatchula Zelipa. Anatuluka atavala diresi lalitali lobiriwira, mimba patsogolo, dzanja limodzi pamsana. Anthu onse anakweza mafoni m'mwamba.

Za m'basi zinali zochepa. Manenekera anali ochepa. Mantha enieni ndinawamva pamenepo. Ine ndinatolera mafoni asanu ndi anayi, ndinataya dzino chifukwa cha iwo, ndipo pano panali mafoni mazanamazana, onse oyaka, onse olozetsa kwa mwanayo. Imodzi yokha inali yokwanira. Mtsikana amene anali patsogolo panga anatsitsa yake n'kuyamba kuwerenga china chake, ndipo ndinasiya kupuma mpaka ataseka.

Zelipa anaimba nyimbo ziwiri. Mawu ake ndi aakulu, ochokera pansi, ngati a mayi ake akamatsogolera nyimbo pa maliro a ena. Sindinkadziwa kuti amaimba chotero. Koma maso ake sanali pa anthu. Ankayang'anayang'ana kafoni kamene anakaika pamwamba pa piyano.

Nyimbo yachiwiri itatha, anakweza dzanja. Zoimbira zonse zinaleka.

"Abale anga," anatero, "ine sindiimba ndisanapemphere ndi amayi anga. Lero kuyambira m'mawa sakuyankha. Onse ku Chipata sakuyankha, kaya andipangira upo. Tiyeni tiyese limodzi. Akayankha, nonse munene kuti moni amayi. Khalani chete."

Anthu anaseka, kenako anakhala zii. Anadina foni yake, anaiyandikiza pa maikolofoni.

M'thumba la malaya anga, mawu a Zelipa anayamba kuimba.

Ndinaikanikiza ndi dzanja. Inkamvekabe. Anthu a kumbuyo anacheuka, kenako a pakati. Zelipa anatsitsa maikolofoni pang'ono, akufunafuna ndi maso. Anandiona. Ine amene sindichoka kumudzi, nditaima mu Lusaka wopanda chipewa, malaya a magazi, foni ya mayi ake ikulira pachifuwa panga.

Anali chiimire, m'mphepete mwa nsanja yaitali. Pakati pa iye ndi ine panali anthu onsewo.

"Yankhani," ananong'ona mlonda uja, amene anali atanditsatira. Anakoka chala chake pa galasi, anandiika foni pakhutu.

"Zelipa," ndinatero, ndipo mawu anga anatuluka m'masipika onse. "Ndine malume ako. Khala pansi."

"Amalume, amayi ali kuti?"

"Khala pansi kaye. Iwe wa piyano, mpatse mpando mkazi wako. Umugwire mapewa. Usamusiye."

Mkamwini anathamanga ndi mpando wake. Anamukhazika. Ndinayamba kuyenda pakati pa anthu, foni ili pakhutu.

"Puma, mwana wanga. Ndikubwera. Undiyang'ane ine, usayang'ane china. Inu nonse, tsitsani zinthu zanuzo."

Anatsitsa. Sindikudziwa chifukwa chake anandimvera, koma kulikonse kumene ndinkadutsa, timagetsi tinkazima. Masitepe a nsanja anandikweza ndi mnyamata wa lipenga. Ndinakhala pansi patsogolo pa Zelipa, ndinagwira manja ake onse awiri mwamphamvu. Anali ozizira. Wina anazimitsa maikolofoni.

Mwambo umati uyambe ndi kunena kuti akudwala kwambiri. Ndinatsegula pakamwa kuti nditero.

"Musandinamize, amalume," anatero. "Anavutika?"

"Ayi. Anamwa madzi, anagona. Ine ndinalipo."

Analira. Kulira kwake sikunafune maikolofoni. Thupi lonse linagwedezeka, koma anali pampando, mwamuna wake atamugwira kumbuyo, ine kutsogolo. Sanagwe. Sanakomoke. Mayi wina wa m'gulu la oonera anakwera n'kunena kuti ndi namwino, ndipo tinapita naye kuchipatala. Magazi anakwera, madokotala anawatsitsa. Ali pabedi anandiyang'ana pakamwa.

"Amalume, dzino lili kuti?"

"Lili ku Nyimba."

Ku maliro madokotala anamulola kupita, pagalimoto yoyenda pang'onopang'ono, namwino ali pambali. Tinaika Nasitaziya kumudzi. Abale a ku Katete anamva mochedwa, ena anafika manda atafotseredwa, ndipo mpaka lero awiri mwa iwo sandipatsa moni. Geresomu amauza anthu kuti ndinachita zamisala. Anene.

Zimene zinatayika pa ulendo umenewo ndi izi. Chipewa chimodzi. Chikwama, jekete ndi nsapato za kutchalitchi. Kolona amene ndinalandira pa ukwati wanga. Dzino limodzi la kutsogolo. Magalasi a mafoni awiri amene anasweka pogwa m'basi, limodzi la foni ya akatekisiti. Abale awiri a ku Katete. Mlongo wanga mmodzi yekhayo.

Mwana anabadwa mvula yoyamba itagwa, wamkazi, wolemera bwino. Ameneyo sali pa chiwerengerochi.